Kukonza kope la ndondomeko logwirizana ndi moyo wa kuchigwa cha Shire

Funso

Mayi wina wa kudera la Ngabu, m'boma la Chikwawa, wafotokoza kuti amachita geni ya nsomba zouma ndi tomato, amalima mapira ndi thonje kumunda ndiponso chimanga kudimba, ali ndi mbuzi zingapo ndi nkhuku, ana ake atatu ali pasukulu, komanso ali m'gulu la banki m'khonde. Anagulapo dayale ya m'sitolo koma pofika mu Malichi anali atasiya kulembamo, ndipo foni sangaidalire chifukwa kawirikawiri imakhala yopanda moto. Akufunsa kuti: kodi ndingakonze bwanji kope langalanga, lolemba pamanja, loti lizindithandiza kulongosola zochita za tsiku ndi tsiku popanda kulisiyira panjira?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi dayale munaisiya ija, chifukwa chimene chinakulepheretsani kuipitiriza chingathe kukulepheretsaninso pa kope latsopanoli ngati sitichimvetsa bwino. Dayale ya m'sitolo anaikonzera munthu wa muofesi, amene chaka chake chimayamba mu Januwale, amalowa ntchito ndi kuweruka pa maola omweomwewo, amalandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo masiku ake amafanana kotero kuti lililonse lingapatsidwe malo ofanana papepala. Moyo umene mwafotokozawu suyenda choncho. Pali masabata amene ntchito imathithikana, monga nthawi yobzala kapena yotola thonje, ndipo pali masabata ena amene mumangokhala pamsika kudikira ogula. Ndalama nazo zimabwera zambiri pakamodzi kenako n'kusowa kwa miyezi. Munthu akadumpha masamba khumi a dayale osalembamo kanthu, amayamba kuchita nayo manyazi, ndipo mapeto ake amaiponya pansi pa sutikesi. Kumeneku si ulesi ayi, koma kuti bukulo silinagwirizane ndi mwiniwake.

Palinso chinthu china chimene anthu ambiri amasokoneza. Amatenga kope la ndondomeko ngati malo olembamo zimene zachitika kale, monga kuti lero kunali maliro kapena lero ndagulitsa bwino. Zimenezo zili ndi malo ake, koma ntchito yaikulu ya kope limeneli ndi kukuuzani lero zimene zikubwera kutsogolo, nthawi yokonzekera ikadalipo. Zonse zimene ndifotokoze pansipa zatsamira pa mfundo imeneyi.

Gulani hadikava imodzi yosoka ndi ulusi, ya masamba pafupifupi 192, ndipo musagule kope wamba la ana asukulu lomanga ndi timawaya, chifukwa timawayato timachita dzimbiri nthawi ya chinyezi ndipo masamba apakati amayamba kuthothoka. Kukula kwake kukhale koti lizilowa m'chikwama chimene mumapita nacho kumsika. Kope lalikulu ndi lokoma kulembamo, koma limatsala kunyumba, ndipo kope lotsala kunyumba silingakuthandizeni pamene munthu akukongola nsomba pamsika. Likhale limodzi lokha. Ndikudziwa kuti ena amalangiza kukhala ndi kope la geni, la kumunda ndi la pakhomo padera, koma kwa munthu amene akuyamba kumene, makope atatu amatanthauza kuti awiri adzasowa.

Nkhani ya cholembera ndi yaing'ono koma kuno kwathu ndi yofunika. Inki ya bolopeni wamba simwazika msanga pepala likanyowa, pamene ya zolembera zina zamadzimadzi zija imasungunuka ndi thukuta lokha la m'manja, osanenanso za mvula. Pensulo ndiyo imapirira madzi kuposa zonse, ndiponso imafufutika. Choncho zimene zatsimikizika, monga ngongole ndi masiku a kuchipatala, muzilemba ndi bolopeni, ndipo zimene zikudalira mvula kapena anthu ena muzilemba ndi pensulo. Cholemberacho muchimangirire kukope ndi kachingwe, apo ayi ana adzapita nacho kusukulu.

Musanalembe china chilichonse, ikani manambala pamasamba onse, pakona yam'munsi, kuyambira 1 mpaka kumapeto. Masamba awiri oyambirira muwasiyire zam'katimu, pamene muzilemba mutu wa nkhani ndi nambala ya tsamba lake, monga “Ngongole za pamsika, 140” kapena “Mbuzi, 152”. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ambiri amaidumpha, komabe ndi imene imachititsa kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi mupeze zimene mukufuna osavundula kope lonse. Masamba 192 amakwana bwino chaka chathunthu. Masabata 52 atapatsidwa masamba awiriawiri amatenga 104, miyezi 12 itapatsidwanso awiriawiri imatenga 24, ndipo mukachotsa ochepa a koyambirira mumatsala ndi masamba oposa 50 a ndalama, ziweto, munda ndi zina. Masamba a nkhani zapaderazi muwayambire kumapeto kwa kope kubwerera m'mbuyo, kuti asasakanikirane ndi a masabata.

Tsopano tifike pa funso loti chaka cha kope lanu chiyambe liti. Ine ndingakulangizeni kuti chiyambe mu Okutobala n'kutha mu Seputembala. Mu Okutobala ndi pamene mukusosa ndi kukonza minda, kufunafuna mbewu, ndi kulingalira za chakudya chimene chatsala m'nyumba ngati chikafike nthawi yokolola. Mukayamba mu Januwale, ndiye kuti mwadula nyengo ya ulimi pakati: ndalama zimene munagulira mbewu ndi kulipira aganyu zili m'kope lakale, pamene zokolola zake zili m'kope latsopano, ndipo simungathe kuona patsamba limodzi ngati thonje linakupindulirani. Kuwonjezera apo, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, ya kupalira ndi ya madzi osefukira, nthawi yovuta kwambiri kuti munthu ayambe chizolowezi chatsopano. Komabe musadikire Okutobala kuti muyambe. Yambani mwezi uno, ndipo kope loyambali lingakhale la miyezi yochepa, lophunzirirapo.

Masamba awiri oyang'anizana otsatira zam'katimu akhale a chaka chonse. Jambulani mabokosi 12 ndi rula, asanu ndi limodzi patsamba lililonse, ndipo m'bokosi la mwezi uliwonse mulembe zinthu zazikulu zokha zimene mukudziwa kale kuti zimabwera. Sukulu zimatsegulira chaka mu Seputembala, teremu yachiwiri mu Januwale ndipo yachitatu cha mu Epulo, koma madeti enieni muwatenge kwa aphunzitsi aakulu chifukwa amasinthasintha. Lembani mwezi umene gulu lanu la banki m'khonde limagawana ndalama, miyezi yotola ndi kugulitsa thonje, nthawi imene madzi amaphwa kudimba kuti mubzale chimanga, ndi misonkhano ikuluikulu ya kumpingo. Masiku a tchuthi cha boma, monga 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala, muwalembenso, osati chifukwa choti inu mudzapuma, koma kuti musadzawononge ndalama ya thiransipoti kupita kuboma kapena kubanki n'kukapeza kotseka. Popeza ndinu wa geni, onetsaninso nthawi zimene ndalama zimayenda m'dera lanu: masiku amene antchito a kuminda ya nzimbe ku Nchalo amalandira, ndi miyezi imene alimi a thonje agulitsa. Amenewo ndiwo masiku oyenera kukhala ndi katundu wokwanira pabenchi.

Apa ndi pamene pagona luso lenileni, ndipo ndikupemphani kuti mudekhe pomvetsa. Chinthu chilichonse chachikulu chili ndi madeti awiri: deti limene chidzachitike, ndi deti limene muyenera kuyamba kuchikonzekera. Anthu ambiri amalemba loyambalo lokha, ndipo kope limawakumbutsa za kutsegulira kwa sukulu Lamulungu madzulo, pamene palibenso chimene angachite koma kuthamangira katapila. Inu muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti yunifolomu, nsapato, makope ndi zina zofunika pa ana atatu zidzafuna K60,000, ndipo kwatsala masabata 12. Pamenepo mulembe K5,000 patsamba la sabata iliyonse kuyambira ino, ngati ngongole imene muyenera kubweza. Ngati mukufuna kubzala mapira ndi mvula yoyamba, deti lofunika m'kope si la kubzala, limene palibe amene akulidziwa, koma la kukhala mutapeza mbewu ndi kumaliza kukonza munda, limene lili m'manja mwanu. Ngati ngongole ya kubanki m'khonde ikufunika pa 28, lembani pa 14 kuti theka likhale litapezeka. Mukazolowera kulemba madeti awiriawiri motere, mudzaona kuti zinthu zambiri zimene timazitcha zadzidzidzi zinali zodziwika kalekale.

Mwezi uliwonse upatseni masamba awiri. Kumanzere lembani madeti motsitsa, kuyambira 1 mpaka 30 kapena 31, mzere umodzi deti limodzi, ndi chilembo cha tsiku pambali pake. Popeza masiku onse a sabata amayamba ndi chilembo chimodzimodzi, ndi bwino kufupikitsa motere: Lol, L2, L3, L4, L5, Low, Lam. Patsamba limeneli pazikhala zokhazo zimene zili ndi tsiku lake, monga sikelo, msonkhano wa makolo kusukulu, tsiku la banki m'khonde, masiku a msika, chinkhoswe kapena kuitanidwa kwa anyakwawa. Kumanja lembani ntchito za mweziwo zimene zilibe tsiku lenileni, monga kufolera khola kapena kukonzetsa njinga, ndipo m'munsi mwake musiye malo owerengera ndalama pakutha pa mwezi. Musajambuliretu miyezi yonse 12 tsiku limodzi. Konzani mwezi umodzi, muugwiritse ntchito, muone chimene chasowa ndi chimene changodya malo, kenako wotsatirawo muukonze mosinthako. Kope limasanduka lanu m'njira imeneyi, pang'onopang'ono.

Masamba a sabata ndiwo mudzawatsegule kwambiri. Tsamba lakumanzere ligaweni m'zigawo zisanu ndi ziwiri zopingasa, Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo lakumanja mulisiye lopanda mizere yogawa kuti muzilembapo zogula, uthenga, mitengo ya katundu ndi chilichonse chobwera mwadzidzidzi. Musagawe tsiku m'maola monga imachitira dayale ya m'sitolo. Kuno kuchigwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, tsiku limagawika lokha patatu: m'mamawa dzuwa lisanakwere, masana pamene munthu sangagwire khasu kapena kuyenda mtunda wautali, ndi madzulo kukayamba kuzizirirako. Jambulani mizere iwiri yotsitsa kuti tsiku lililonse likhale ndi timabokosi titatu timeneti. Ntchito za mphamvu ndi maulendo zipite m'mamawa, ntchito zokhala pansi monga kusankha thonje, kusoka, kuwerengera ndalama kapena kuona makope a ana zipite masana, ndipo kutunga madzi, kuthirira ndi kukatenga ngongole kwa anthu zipite madzulo. Ndondomeko imene imaika ulendo wa kudimba 1 koloko masana mu Novembala ndi yolephera isanayambe.

Pa tsiku limodzi musalembe ntchito zoposa zitatu kuwonjezera pa zimene mumachita kale masiku onse. Kuphika, kusesa ndi kutsegula geni sizifunika kulembedwa, chifukwa simungaziiwale. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo tsamba lodzaza ntchito khumi limangokusiyani ndi mtima wolephera madzulo aliwonse. Mwa zitatuzo, ikani kanyenyezi pa imodzi imene singadikire mawa. Komanso sabata iliyonse musiye tsiku limodzi, kapena theka la tsiku, lopanda cholembedwa. Maliro sapangana ndi munthu, mwana amatha kudwala malungo usiku, ndipo mlendo akafika simungamuuze kuti kope silikulola. Tsiku lopanda kanthu lija ndilo limalandira ntchito zimene zasunthidwa, ndipo popanda ilo zovuta za Lachiwiri zimagwetsa sabata yonse.

Zizindikiro zikhale zochepa zoti simungaziiwale. Kabokosi kopanda kanthu kutsogolo kwa mawu katanthauze ntchito yoti ichitike, mukaichita muchongemo, mukaisunthira tsiku lina mujambule kamuvi, ndipo mukaona kuti siyofunikanso muidule ndi mzere umodzi woti mawuwo aziwerengekabe. Chilembo K chikhale cha chilichonse chokhudza ndalama. Ntchito imene mwaisuntha katatu muiyang'anitsitse, chifukwa kawirikawiri imakhala kuti ndi yaikulu kwambiri moti ikufunika kuigawa, kapena ikudikira munthu wina, kapena mumtima simukuifuna. “Kumanga khola” ndi ntchito imene ingasunthidwe chaka chonse, pamene “kufunsa mtengo wa mitengo khumi” ndi ntchito ya madzulo amodzi. Za kukongoletsa masamba ndi mitundu ya inki ndi maluwa, chitani ngati zimakusangalatsani, koma zisakhale chifukwa cholepherera kulemba tsiku limene mwatopa.

Gawo la ndalama ndilo lingakubwezereni msanga mtengo wa kopelo. Vuto la geni zambiri zazing'ono ndi loti mpamba ndi ndalama ya ndiwo zimakhala m'nsalu imodzi, ndipo mwini geni amazindikira kuti mpamba wadyeka tsiku lokapikula. Patulani masamba a geni okhala ndi madanga anayi: deti, zolowa, zotuluka, ndi zotsala. Mukapita kukapikula makakana kapena milamba ku Bangula kapena kumadooko a ku Elephant Marsh, lembani mtengo wa nsomba pamodzi ndi thiransipoti, kabaza, chiphaso cha pamsika ndi chakudya cha paulendo, chifukwa zonsezo ndi mtengo wa katunduyo. Nsomba kapena tomato amene mwatapa kuti mudye pakhomo mumulembe ngati wagulitsidwa kwa inu mwini, ndipo amene waonongeka ndi kutentha mumulembenso. Mukachita zimenezi mwezi umodzi wokha, mudzadziwa kuti pakati pa nsomba ndi tomato chimene chikukusungani ndi chiti, ndipo yankho lake nthawi zina limadabwitsa.

Ngongole zikhale ndi masamba akeake, mbali ina za amene akukongolani, mbali ina za kumene inu mwakongola. Pa ngongole iliyonse lembani dzina, deti, kuchuluka kwake ndi tsiku limene mwapangana kubweza, ndipo tsiku limenelo mulikoperenso patsamba la mwezi, apo ayi lidzangogona kumapeto kwa kope. Muzilemba wokongolayo akuona, n'kumuwerengera mokweza zimene mwalemba. Ena poyamba amaona ngati simukuwakhulupirira, koma mukamachita chimodzimodzi ndi aliyense, ngakhale achibale, amazolowera, ndipo mikangano ya “ndinakupatsani kale” imachepa. Za banki m'khonde, ngakhale gulu lili ndi mlembi ndi mabuku ake, inu muzisunga mbiri yanu ya masheya amene mwagula, ngongole, chiwongoladzanja ndi zopereka za thumba la zadzidzidzi, kuti tsiku logawana mudzakhale ndi poyerekezera. Chimodzimodzinso aganyu: ndime imene mwapangana, mtengo wake, ndi zimene mwapereka kale.

Malisiti ambiri a masiku ano, aja otuluka m'timakina, amafufutika okha ndi kutentha, ndipo kuno sachedwa kusanduka pepala loyera. Mukalipira chinthu chofunika, koperani m'kope nambala ya lisiti, deti ndi ndalama zake tsiku lomwelo. Mukatumiza kapena kulandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, lembani nambala ya umboni imene imabwera mu uthenga, chifukwa foni ikatayika kapena uthenga ukafufutidwa mulibenso pogwira. Koma nambala yachinsinsi ya foni kapena ya kubanki musailembe m'kope ngakhale pang'ono, ndiponso musalembemo malo amene mumasunga ndalama m'nyumba.

Pa ndalama zobwera pakamodzi, monga za thonje, za mbuzi imene mwagulitsa kapena zogawana kubanki m'khonde, tsegulani tsamba lake zisanafike. Lembani mndandanda wa kumene zidzapite, kuyambira chofunika kwambiri, monga chimanga chosungira miyezi ya njala, kubweza ngongole, mbewu ndi za sukulu. Ndalama zikafika m'manja tsamba lisanalembedwe, aliyense pakhomo ndi kubanja amakhala ndi ganizo lake labwino, ndipo pakatha masabata awiri palibe amene angafotokoze kumene zinalowera. Ngati muli pabanja, tsamba limeneli mulembe pamodzi ndi bambo a kunyumba, kuti lidzakhale pangano la anthu awiri.

Ziweto ndi munda ndi kumene kuwerenga masiku kumathandiza moonekeratu, chifukwa chilengedwe chili ndi nthawi zake zodziwika. Mbuzi imatenga bere pafupifupi masiku 150, kotero kuti imene yakweredwa pa 10 Meyi muziyembekezera kuti iswa cha pa 7 Okutobala, ndipo simungaigulitse mosadziwa kapena kuisiya ikuyenda kutali masiku amenewo. Ng'ombe imatenga miyezi isanu ndi inayi ndi masiku ochepa. Nkhuku imafungatira masiku 21, choncho imene yayamba pa 3 Juni idzaswa cha pa 24 Juni. Katemera wa chitopa amafunika kubwereza pakapita miyezi ingapo, ndipo tsiku limene alangizi a ziweto akuuzani mulilembe nthawi yomweyo patsamba la mwezi umene likugwera. Kumunda lembani tsiku lobzala, mtundu wa mbewu, tsiku lopalira, ndi tsiku lililonse limene mwapopera thonje pamodzi ndi dzina la mankhwala ndi muyeso wake. Ngati mumathira feteleza chimanga cha kudimba, wobereketsa amafunika patatha masabata atatu kapena anayi chibzalire, ndipo deti limenelo muliwerengeretu tsiku lobzala lomwelo.

Ndikulimbikitsaninso kuti muzilemba masiku amene mvula yagwa, ndi kadontho kokha patsamba la mwezi, kakang'ono ngati inali yowaza, kakakulu ngati inanyowetsa nthaka. Mvula ya kuchigwa ndi yochepa poyerekeza ndi ya ku Thyolo kapena ku Mulanje, ndiponso imakonda kuyamba n'kudukiza. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mudzakhala ndi mbiri ya mvula ya pamunda panu penipeni, yokuthandizani kuona kuti ndi kangati pamene mvula yoyamba inakunamizani n'kukubzalitsani kawiri.

Za umoyo zili ndi buku lake la kuchipatala, ndipo kope lanu lisalowe m'malo mwake. Ntchito ya kope ndi kukukumbutsani tsiku lobwerera. Mukangochoka kusikelo kapena kuchipatala, koperani deti limene alemba m'bukumo, ndiponso lembani chikumbutso masiku awiri kapena atatu deti limenelo lisanafike kuti mupezeretu ya thiransipoti ndi wokusungirani geni. Popeza kope limayenda nanu pamsika ndipo ana amatha kulitsegula, nkhani zimene simufuna kuti ena adziwe, monga za kulera kapena za mankhwala amene wina pakhomo amakatenga nthawi ndi nthawi, muzizilemba ndi chizindikiro chodziwa inu nokha, monga kabwalo kapena chilembo chimodzi.

Kope la munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje silingakhale lokwanira popanda tsamba la madzi osefukira. Tikayang'ana zaka zapitazi, madzi aakulu anabwera mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana amene anaononganso malo opangira magetsi a Kapichira, ndi mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Onsewa anagwera pakati pa Januwale ndi Malichi, zimene zikutanthauza kuti kukonzekera kwake kuyenera kulembedwa m'bokosi la Novembala ndi Disembala. Patsamba limeneli lembani manambala a foni a abale a kumtunda, a anyakwawa, a komiti yoona za ngozi m'mudzi, a alangizi ndi a chipatala chapafupi, chifukwa foni ikathima manambala onse amathima nayo, pamene ndi kope mungathe kubwereka foni ya mnzanu n'kuimba. Lembani malo okwera amene banja lapangana kukakumana, kumene mbuzi zidzapite ndi amene adzazikuse, ndi zinthu zoyamba kunyamula. Lembaninso manambala a ziphaso za unzika ndi a mapepala ena ofunika, kuti zikatayika mudzakhale ndi poyambira. Kumbukirani kuti mitsinje ya kuno imatha kudzaza ngakhale pamudzi panu pasanagwe dontho, popeza madzi a Mwanza, Ruo ndi Shire amachokera kumtunda. Choncho chenjezo la nthambi yoona zanyengo limene mwamva pawailesi mulilembe patsamba la sabata ndi deti lake, ndipo ulendo wa kudimba kapena wokapikula tsidya lina muulembe ndi pensulo.

Kasungidwe ka kopelo n'kosavuta. Likuteni ndi pulasitiki yolimba, ndipo usiku lizigona m'chidebe chotsekeka bwino pamodzi ndi ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a ana, pamalo okwera pamene chiswe ndi makoswe sizifika ndiponso pamene mungachinyamule mumdima osafufuza. Ngati pali wachibale amene ali ndi foni yojambula, kamodzi pamwezi ajambule masamba a ngongole ndi a banki m'khonde okha.

Chimene chimasunga kope kuti lisafe ndi nthawi ziwiri zolitsegula. Yoyamba ndi ya tsiku lililonse, mphindi zisanu zokha, ndipo muilumikize ku chinthu chimene mumachita kale, monga powerenga ndalama za geni mukaweruka kumsika kusanade. Chongani zimene zachitika, sunthani zotsala, lembani ndalama, ndipo yang'anani za mawa. Yachiwiri ndi ya pasabata, mwina Lamulungu masana mukabwera kutchalitchi, pamene mujambule masamba a sabata yotsatira mutatsegula tsamba la mwezi ndi la chaka, n'kudzifunsa kuti m'masabata anayi akubwerawa muli chiyani chimene chikufunika kuchiyamba tsopano. Mwana wamkulu angathe kukuthandizani kujambula mizere ndi kuwonkhetsa, ndipo potero amaphunzira masamu a ntchito, koma zolemba zenizeni zikhale za dzanja lanu, m'Chichewa, m'Chimang'anja kapena m'Chisena, monga momwe mumaganizira, popanda kudera nkhawa za kalembedwe.

Zidzachitika ndithu kuti mudzadumphe sabata imodzi kapena itatu, makamaka nthawi ya maliro, ya matenda kapena yokolola. Musayese kubwerera kuti mudzaze masiku amene adutsa, chifukwa zimene mudzalembe zidzakhala zongopeka. Popeza simunajambuliretu masamba, palibe malo opanda kanthu okudikirirani. Tsegulani tsamba lotsatira, lembani deti la tsikulo, werengani ndalama zimene zili m'manja ndi katundu amene ali pabenchi kuti zikhale poyambira patsopano, funsani mlembi wa banki m'khonde kuti akuwerengereni pamene mwafika, ndipo pitirizani. Kope likadzatha, koperani m'latsopano ngongole zimene sizinabwezedwe, madeti a ziweto amene akali kutsogolo ndi tsamba la manambala a foni, ndipo lakalelo mulilembe chaka pachikuto n'kulisunga m'chidebe muja, popeza mitengo ya mbewu, masiku a mvula ndi zokolola zimene zili m'menemo mudzazifuna pokonza bokosi la Okutobala wotsatira.